Nyimbo, Chiphunzitso ndi Masakramenti mu Mpingo wa Lutheran: Mafunso ndi Mayankho

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwerabwera pa kalasi ya ofuna kulowa mpingo, pa pulakatisi ya kwaya, komanso kuchokera kwa abale a mipingo ina amene anabwera ku ukwati kapena ku maliro n'kudabwa ndi mapempheredwe athu. Tayamba ndi apafupi. Yankho likakhudza nkhani imene tafotokoza pena, takulozerani komweko.

Kodi mpingo wa Lutheran unachokera kuti, ndipo kuno unafika liti?

Unachokera ku Germany. Martin Luther, amene anabadwa mu 1483 n'kumwalira mu 1546, anali wansembe wa Katolika komanso mphunzitsi wa Baibulo pa yunivesite ya Wittenberg. Mu 1517 anatsutsa poyera malonda a makalata ochotsera anthu chilango cha machimo, ndipo mkanganowo unakula mpaka kufika pa funso lenileni: kodi munthu wochimwa amayesedwa bwanji wolungama pamaso pa Mulungu? Yankho la Malemba ndi lakuti n'chisomo chokha, chifukwa cha Khristu yekha, ndipo munthu amachilandira mwa chikhulupiriro chokha. Pa 25 Juni 1530 akalonga ena a ku Germany anapereka kwa mfumu Charles V, mumzinda wa Augsburg, chikalata cha mfundo 28 chimene analemba Philipp Melanchthon, mnzake wa Luther. Ndicho Chivomerezo cha ku Augsburg. Mu 1580 chivomerezochi, makatekisimu awiri a Luther ndi zolembedwa zina anazisonkhanitsa m'buku limodzi lotchedwa Concordia.

Kuno kwathu dzina la Lutheran lili ndi mipingo yoposa umodzi. Lutheran Church of Central Africa inayamba ndi amishonale a Wisconsin Synod a ku America, amene anafika ku Zambia mu 1953 ndipo ku Malawi mu 1963; abusa ake amaphunzira ku Lilongwe ndi ku Lusaka. Evangelical Lutheran Church in Malawi inayamba mu 1982 ndi Amalawi amene anabwerera kwawo kuchokera ku Tanzania. Pali zina zimene mipingoyi imasiyana, ndipo tazikhudza pa funso la alendo pa Mgonero.

N'chifukwa chiyani nkhani ya nyimbo mumaitenga mwamphamvu chonchi?

Chifukwa nyimbo ndi ulaliki umene mpingo wonse umalalikira ndi pakamwa pake. Pa Akolose 3:16 Paulo akuti mawu a Khristu akhazikike mwa ife mochuluka, tiziphunzitsana ndi kuchenjezana ndi masalimo, mayamiko ndi nyimbo zauzimu. Kuimba akukuika pamodzi ndi kuphunzitsa. Ulaliki wa Lamulungu ambiri pofika Lachitatu amakhala ataiwala mutu wake, koma nyimbo imapita nawo kumunda, kuchigayo, m'minibasi, ndipo gogo amene maso anasiya kuwerenga amaiimba yonse pamtima ali chigonere pamphasa. Chimene munthu waimba zaka makumi atatu ndicho amakhulupirira, kaya chinali choona kaya chabodza.

Adani a choonadi anazidziwa kalekale zimenezi. Arius wa ku Alexandria, amene ankaphunzitsa kuti Mwana wa Mulungu ndi wolengedwa, anaika chiphunzitso chake m'nyimbo zoti amalinyero ndi anthu apaulendo aziimba. Bishopu Ambrose wa ku Milan anayankha ndi nyimbo zovomereza Utatu Woyera, ndipo imodzi mwa izo Luther anaimasulira m'Chijeremani. A Lutheran amaiimbabe nyengo ya Adiventi.

Luther analemba nyimbo zingati, ndipo zimanena chiyani?

Pafupifupi 36, ndipo zoposa theka anazilemba mu 1523 ndi 1524. Yoyamba inali ya maliro a ofera chikhulupiriro: pa 1 Julayi 1523 amonke awiri achinyamata, Hendrik Vos ndi Jan van Essen, anawotchedwa pamsika ku Brussels chifukwa chokana kusiya chiphunzitso cha Uthenga Wabwino, ndipo Luther anapeka nyimbo yosimba nkhani yawo. Kumapeto kwa chaka chomwecho analembera mnzake Georg Spalatin kumupempha kuti athandize kusandutsa masalimo kukhala nyimbo za Chijeremani, m'mawu apafupi amene munthu wamba angamve, kuti Mawu a Mulungu akhale pakati pa anthu kudzeranso m'kuimba. Mu 1524 kunatuluka kabuku ka nyimbo zisanu ndi zitatu zokha, zinayi za Luther ndi zitatu za Paul Speratus. Chaka chomwecho Johann Walter anatulutsa buku la kwaya.

Yodziwika kwambiri ndi “Ein feste Burg”, yochokera pa Salimo 46, yonena za Mulungu linga lathu lolimba. Koma amene akufuna kuona mtima wa Luther ayang'ane nyimbo zake za katekisimu. Mbali iliyonse ya Katekisimu Wamng'ono wa 1529 ili ndi nyimbo yake: ya Malamulo Khumi, ya Chikhulupiriro, ya Pemphero la Ambuye, ya Ubatizo imene imayambira pa Yesu mu Yordano, ya kulapa yochokera pa Salimo 130, ndi ziwiri za Mgonero. Mwana amene anaziimba zonsezi anali atamaliza kalasi asanadziwe kuti akuphunzira.

Nyimbozi zinayenda msanga kuposa alaliki. Ku Lübeck mu 1529 anthu ankati mlaliki akayamba kuphunzitsa zosemphana ndi Uthenga Wabwino, iwo n'kuyambitsa nyimbo ya Luther ya pa Salimo 12 mpaka mawu ake osamvekanso.

Mukamati “chiphunzitso choyera” mukutanthauza chiyani? Si kudziona ngati oposa anzanu kumeneko?

Sitikunena kuti anthu athu ndi oyera kuposa ena. Mapemphero athu amayamba ndi aliyense kuvomereza kuti ndi wochimwa m'maganizo, m'mawu ndi m'zochita. Choyeracho ndi chiphunzitso, ndipo n'choyera chifukwa si chathu: ndi cha Khristu, amene pa Mateyu 28:20 analamula kuti anthu aphunzitsidwe kusunga zonse zimene Iye ananena. Munthu wopatsidwa uthenga kuti akapereke alibe ufulu wochotsapo kapena kuwonjezerapo.

Mfundo 7 ya Chivomerezo cha ku Augsburg imati mpingo uli pamene Uthenga Wabwino ukulalikidwa mosasakaniza ndipo masakramenti akuperekedwa monga Khristu anawakhazikitsira. Paulo pa Agalatiya 5:9 akuti chotupitsa chapang'ono chimatupitsa mtanda wonse, ndipo chotupitsa chimene ankanena chinali chooneka chaching'ono: Khristu, inde, koma kuwonjezerapo mdulidwe. Lero amati Khristu kuwonjezerapo chakhumi chako, kusala kwako, kulira kwako, madzi odalitsidwa a mneneri. Wovulala ndi chiphunzitso chotere ndi munthu wa chikumbumtima chosweka, amene usiku amadzifunsa ngati wachita zokwanira. Iyeyo ndi amene timamuganizira tikamalimbikira nkhaniyi.

Kunyada kulipo ndithu pakati pathu, ndipo ndi tchimo. Munthu angathe kudziwa katekisimu yense pamtima koma n'kumalankhula ndi mnansi wake wa mpingo wina ngati wopanda nzeru. Amene akuchita zimenezi alape. Koma mankhwala a kunyada si kusiya kusamala za choonadi. Timakhulupiriranso kuti kulikonse kumene Uthenga wa Khristu ukumveka kuli ana a Mulungu, ngakhale chikwangwani chapanja chikhale cha dzina lina.

Nanga nyimbo mumaiyesa bwanji kuti ndi yoyenera m'tchalitchi?

Chotsani kaye maimbidwe, muwerenge mawu okha ngati kalata. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: nyimbo yokoma m'khutu ingathe kunyamula chiphunzitso chimene palibe mkulu wa mpingo angachilole pa gome.

Mukamawerenga, funsani kuti akugwira ntchito m'nyimboyi ndani. Ngati ndime zonse zili “ndadzipereka, ndasankha, ndidzakutsatani, sindidzabwerera”, ndiye kuti woimbayo akuimba za iye mwini, ndipo tsiku limene adzagwe nyimboyo idzamutsutsa. Nyimbo ya Speratus ya m'kabuku ka 1524 kaja imayamba n'kunena kuti chipulumutso chabwera kwa ife mwa chisomo, ntchito zathu sizingatithandize. Kenaka imafotokoza ntchito ya Chilamulo, ntchito ya Khristu, ndipo pomaliza ntchito zabwino monga zipatso za chikhulupiriro. Ndondomeko yake ndi imeneyo: Chilamulo chionetse tchimo, Uthenga Wabwino upereke Mpulumutsi, moyo watsopano utsatire.

Funsaninso ngati ikutchula Yesu wopachikidwa ndi wouka, kapena ikungonena za “Mulungu wamphamvu” amene wachipembedzo chilichonse angamuimbire. Ndipo onani ngati ikulonjeza zimene Mulungu sanalonjeze. Nyimbo yakuti chaka chino wokhulupirira sadwala, sasauka, adani ake onse agwa, ndi yabodza, ndipo mayi amene waika mwana wake m'manda sabata yatha akaimva amapita kunyumba akuganiza kuti Mulungu wamutaya.

Mipingo ina ya Lutheran inachita kulemba zimenezi m'malamulo ake. Missouri Synod ya ku America, imene inakhazikitsidwa mu 1847, imafuna kuti mpingo uliwonse wolowa m'sinodiyo uzigwiritsa ntchito mabuku a mapemphero, a nyimbo ndi makatekisimu a chiphunzitso choyera okhaokha, m'tchalitchi ndi m'sukulu momwe.

Abusa anakana nyimbo imene kwaya yathu inakonzekera mwezi wathunthu. Ali ndi mphamvu imeneyo?

Ali nayo, chifukwa adzayankha pamaso pa Mulungu pa zonse zophunzitsidwa mumpingomo, ndipo nyimbo ya kwaya ndi chiphunzitso, monga tanenera pa funso lachiwiri. Koma kukana nyimbo Lamulungu m'mawa, anthu atavala kale yunifolomu, si ubusa wabwino. Kwaya ipereke mawu a nyimbo kwa abusa isanayambe kuiphunzira, ndipo abusa akapeza cholakwika afotokoze ndi Baibulo lotsegula. Kawirikawiri vuto limakhala mzere umodzi, ndipo ukakonzedwa nyimbo imaimbika.

Nyimbo zanu n'zazitali, zina n'zachisoni. Bwanji osangoimba makolasi?

Kolasi ya mawu a m'Malemba ilibe mlandu, ndipo timaimba. Koma mizere iwiri yobwerezabwereza singanyamule nkhani yonse ya chipulumutso, ndipo munthu amene wakulira pa makolasi okha amafika pa tsiku la tsoka alibe choimba.

Nyimbo zazitalizi zambiri zinalembedwa ndi abusa amene ankakhalira kumanda. Philipp Nicolai anali m'busa ku Unna pamene mliri unapha anthu oposa 1,300 mu 1597 ndi 1598, ndipo nyumba yake inayang'anana ndi manda. Mu 1599 anatulutsa buku lotonthoza anthu ake, ndipo m'menemo munali nyimbo ziwiri zimene a Lutheran amazitcha mfumu ndi mfumukazi ya nyimbo zawo: ina ya alonda ofuula pakati pa usiku kuti Mkwati wafika, kuchokera pa Mateyu 25, ina ya Khristu Nthanda yowala. Martin Rinkart anali ku Eilenburg m'nthawi ya nkhondo ya zaka makumi atatu, ya 1618 mpaka 1648. Mu 1637 mliri unalowa mumzindamo, umene unali utadzaza ndi othawa nkhondo, ndipo iye anaika maliro oposa 4,000 chaka chimenecho, a mkazi wake omwe. Munthu yemweyo ndi amene analemba “Nun danket alle Gott”, nyimbo yoyamika Mulungu ndi mtima, pakamwa ndi manja, imene lero mipingo yambiri imaimba pa zikondwerero. Paul Gerhardt anaika m'manda ana ake anayi mwa asanu, kenaka mkazi wake, ndipo nyimbo yake ya pa Salimo 37:5, yopereka njira zathu kwa Yehova, ili ndi ndime khumi ndi ziwiri.

Anthu amenewa sankalemba kuti atenthetse msonkhano. Ankafuna mawu oti munthu agwire pamene zonse zatha, ndipo sanawapeze m'mtima mwawo koma m'malonjezo a Mulungu. Ife amene timachezera pa siwa kawirikawiri tiyenera kuwamva msanga kuposa wina aliyense.

Ndinamva kuti Luther ankatenga maimbidwe a kumowa. N'zoona?

Ayi. Maimbidwe ambiri anawatenga ku nyimbo zakale za mpingo za Chilatini ndi nyimbo zachikhristu zimene anthu ankaimba kale m'Chijeremani, ndipo ena anapeka yekha. Nyimbo yake ya Khirisimasi, “Vom Himmel hoch”, poyamba inkaimbidwa pa maimbidwe a nyimbo yamasewera, koma pofika 1539 inali ndi maimbidwe akeake atsopano, ndipo ndi amene akuimbidwa mpaka lero.

Kodi zimenezi si nyimbo za azungu? Ng'oma ndi chisekese n'zololedwa?

N'zololedwa, ndipo Salimo 150 likutchula ng'oma ndi zinganga. Mfundo 7 ija ya Chivomerezo cha ku Augsburg imapitiriza kunena kuti sikofunika kuti miyambo yoikidwa ndi anthu ikhale yofanana paliponse. Pa nkhani ya zoimbira a Lutheran sanatsate njira ya ku Zurich, kumene m'nthawi ya Ulrich Zwingli anachotsa malimba ndi kuimba komwe m'tchalitchi, kapena ya ku Geneva, kumene John Calvin analola masalimo okha opanda choimbira. Luther ankaona luso la kuimba ngati mphatso ya Mulungu yotsatana ndi Mawu ake, ndipo m'mwambo umenewu ndi mmene munatuluka Johann Sebastian Bach, amene kuyambira 1723 anali mkulu wa zoimba m'matchalitchi a ku Leipzig.

Luther yemweyo analemba mu 1525 kuti mawu, maimbidwe ndi kamvekedwe ziyenera kutuluka m'chinenero chobadwa nacho cha anthu, apo ayi kumakhala kungotsanzira. Akanamva mmene nyimbo zina zomasuliridwa zimathyolera mawu a Chichewa pakati kuti akwane m'maimbidwe a ku Ulaya, akanatiuza kuti tipeke zathu. A Lutheran a ku Tanzania anachita zimenezi. Bernard Kyamanywa analemba nyimbo ya Pasaka m'Chiswahili, “Mfurahini, Haleluya”, pa maimbidwe a kwawo kwa Ahaya, ndipo lero ili m'mabuku a nyimbo a ku Germany ndi ku America. Inalowamo chifukwa imalalikira kuuka kwa Khristu momveka.

Malire ndi amodzi: ng'oma kapena kiyibodi ikakwera mpaka mawu osamveka, yasiya kutumikira. Ndipo nyimbo zakale zija tisazitaye poti zinachokera kutali. Ndi za mpingo, ndipo mpingowo ndife.

Mapemphero anu amafanana kwambiri ndi Misa ya Akatolika. Simunatulukemo kodi?

Luther sanayambitse mpingo watsopano. Anafuna kukonza umene unalipo. Mu 1522, iye akubisala m'nyumba ya linga ya Wartburg, anzake ena ku Wittenberg anayamba kuphwanya zifanizo ndi kusintha zonse mokakamiza. Anabwerera m'mwezi wa Malichi n'kulalikira masiku asanu ndi atatu otsatizana kuti aleke, chifukwa Mawu ndiwo ayenera kugwira ntchito, ndipo ofooka asapunthwitsidwe. Mu 1523 anatulutsa dongosolo la Misa m'Chilatini, mu 1526 la m'Chijeremani. Chimene anachotsa ndi mapemphero onena kuti wansembe akupereka Khristu nsembe kwa Mulungu chifukwa cha amoyo ndi akufa, popeza Ahebri 10 akuti nsembeyo inaperekedwa kamodzi kokha. Zotsalazo anazisunga. Mfundo 24 ya ku Augsburg imanena mosabisa kuti akutinamizira amene amati tinathetsa Misa, ndipo imati nyimbo za Chijeremani anaziwonjezera kuti anthu aphunzire.

Mukatsatira dongosololi mupeza kuti pafupifupi mawu onse ndi a m'Baibulo. “Ambuye, tichitireni chifundo” ndi kulira kwa akhungu ndi akhate. “Ulemerero kwa Mulungu kumwambamwamba” ndi nyimbo ya angelo ku Betelehemu. “Woyera, Woyera, Woyera” ndi ya aserafi pa Yesaya 6, “Mwanawankhosa wa Mulungu” ndi mawu a Yohane Mbatizi, nyimbo ya pambuyo pa Mgonero ndi ya Simeoni, ndipo mdalitso womaliza ndi wa Aroni pa Numeri 6. Ubwino wake waukulu ndi wakuti ngakhale tsiku limene ulaliki wafooka, mpingo umapita kunyumba utamva chikhululukiro cha machimo, utavomereza chikhulupiriro, utalandira Khristu. Timabwera ku tchalitchi makamaka kudzalandira. Mayamiko athu ndi yankho.

Mkanjo wa abusa, makandulo, kugwada ndi chizindikiro cha mtanda, Mulungu sanazilamule ndipo sanaziletse. Timazisunga chifukwa zimaphunzitsa ndi kusunga ulemu, osati kuti zimapulumutsa.

Masakramenti alipo angati?

Sakramenti ndi mwambo umene Khristu mwini anaukhazikitsa, wokhala ndi chinthu chooneka cholumikizidwa ndi Mawu ake, umene umapereka chikhululukiro cha machimo. Potero timawerenga awiri: Ubatizo ndi Mgonero wa Ambuye. Melanchthon anawerengeranso chikhululukiro chimene m'busa amalengeza kwa wolapa kukhala lachitatu, ndipo a Lutheran sakangana pa chiwerengerocho. Ukwati, kudzoza abusa ndi kulandira achinyamata atamaliza kalasi ndi miyambo yabwino, koma ilibe lonjezo la chikhululukiro.

Chachikulu n'chakuti sakramenti ndi ntchito ya Mulungu kwa ife, osati yathu kwa Mulungu. Mayankho atatu otsatirawa atsamira pamenepa.

Bwanji mumabatiza makanda amene sanathe kulapa? Ndipo amene anabatizidwa ali mwana abatizidwenso akakula?

Timawabatiza chifukwa nawonso ndi ochimwa ofunika Mpulumutsi, monga Davide akunenera pa Salimo 51:5, ndipo Yesu anati mitundu yonse ibatizidwe osapatula msinkhu. Pa Pentekoste Petro anati lonjezo ndi lanu ndi la ana anu. Tito 3:5 akutcha ubatizo kusambitsa kwa kubadwanso. Katekisimu amafunsa kuti madzi angachite bwanji zazikulu zotere, n'kuyankha kuti si madzi okha koma Mawu a Mulungu amene ali pamodzi ndi madziwo, ndi chikhulupiriro chokhulupirira Mawuwo. Chikhulupirirocho n'chopatsidwa ndi Mzimu Woyera, kwa wamkulu ndi kwa khanda chimodzimodzi. Makolo ndi mboni amatenga udindo wophunzitsa mwanayo, ndipo kubatiza mwana n'kumusiya osamuphunzitsa ndi kulakwa kwakukulu.

Kubatizanso ayi. Aefeso 4:5 akuti ubatizo ndi umodzi. Munthu akasochera, amene waswa pangano ndi iye, osati Mulungu; akalapa amabwerera ku ubatizo wake womwewo. Timalandira ubatizo wa mpingo uliwonse umene unachitika ndi madzi m'dzina la Atate, ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera, kaya pomiza mumtsinje kaya pothira pamutu. Ndipo khanda likadwala mwakayakaya abusa ali kutali, Mkhristu aliyense angathe kulibatiza ndi madzi ndi mawu amenewa, kenaka n'kudziwitsa mpingo.

Kodi mkate ndi vinyo ndi thupi ndi mwazi weniweni wa Yesu, kapena ndi chizindikiro chabe?

Ndi thupi lenileni ndi mwazi weniweni, zoperekedwa pamodzi ndi mkate ndi vinyo kuti tidye ndi kumwa. Yesu anati, “Ichi ndi thupi langa,” ndipo Paulo pa 1 Akorinto 10:16 akuti mkate umene tinyema ndi chiyanjano cha thupi la Khristu. Sitiyesa kufotokoza mmene zimachitikira. Timasiyana ndi Akatolika, amene amati mkate umaleka kukhala mkate ndiponso kuti Misa ndi nsembe. Timasiyananso ndi mipingo yotsata Zwingli ndi Calvin, kuphatikizapo abale athu a Chipresibateriya, imene imati thupi la Khristu lili kumwamba ndipo pakamwa pamalandira mkate wokha.

Mu Okutobala 1529 Luther ndi Zwingli anakumana ku Marburg kuti agwirizane. Anamvana pa mfundo 14 mwa 15. Pa yomalizayo Luther anali atalemba ndi choko pa tebulo mawu aja a Yesu, ndipo sanasunthe. Ena amati anali wouma mutu. Koma taganizani za munthu amene chikhulupiriro chake chafooka, amene sangathe kukweza mtima wake kumwamba. Ngati Mgonero uli chikumbutso chabe, mphamvu yake yatsamira pa kukumbukira kwake kofookako. Ngati Khristu akubwera yekha n'kuika m'kamwa mwake mtengo umene anamuwombolera, ndi mawu akuti “chifukwa cha inu”, munthuyo ali ndi pogwira kunja kwa mtima wake. Nyimbo zathu za Mgonero zimanena zimenezi mosazungulira, ndipo n'chifukwa chake nyimbo yonena za kukumbukira kokha sitiimba pa nthawiyo.

Timagwiritsa ntchito mkate ndi vinyo wa mphesa chifukwa ndi zimene Yesu anatenga. Zakumwa zotsekemera za m'botolo sizilowa m'malo mwake.

Ndine Mkhristu wa mpingo wina. Bwanji anandipempha kuti ndisapite kutsogolo kukalandira?

Tikudziwa kuti zimapweteka, makamaka ngati munabwera ndi mkazi wanu kapena mayi anu amene ndi a mpingo uno. Sitikunena kuti simuli Mkhristu. Onani yankho la chiphunzitso choyera. Zifukwa ndi ziwiri. Pa 1 Akorinto 11:27-29 Paulo akuchenjeza kuti wakudya osazindikira thupi la Ambuye amadzidyera chiweruzo, choncho m'busa amene amapereka kwa munthu amene sanamuphunzitse sakumuchitira chifundo. Chachiwiri, kugwada pa guwa limodzi ndi kuvomereza poyera kuti tikukhulupirira chimodzi, ndipo ngati sitinagwirizane pa Mgonero womwewo, tikhala tikunamizana pamaso pa Mulungu.

Si a Lutheran onse amachita chimodzimodzi. Mipingo ya m'bungwe la Lutheran World Federation, limene linayamba mu 1947 ndipo Evangelical Lutheran Church in Malawi ili m'menemo, kawirikawiri imatsegula guwa kwa Akhristu a mipingo ina. Lutheran Church of Central Africa ndi mipingo yogwirizana nayo imalandira okhawo amene aphunzira ndi kuvomereza chiphunzitso chimodzi. Ife amene talemba tsambali tili mbali yachiwiriyi. Mukakhala mlendo, onanani ndi abusa mapemphero asanayambe, ndipo kalasi ndi yotsegukira aliyense.

Ndimadziona wosayenera. Ndidikire mpaka moyo wanga utakonzeka?

Musadikire. Katekisimu amati kusala ndi kudzikonza thupi ndi mwambo wabwino wakunja, koma woyenera ndi iye amene akhulupirira mawu akuti thupi linaperekedwa ndipo mwazi unakhetsedwa chifukwa cha inu, kuti machimo akhululukidwe. Mgonero ndi wa odwala. Amene ayenera kuima kaye ndi munthu amene akukakamira tchimo lodziwika ndipo safuna kulisiya, kapena amene akukana kukhululukira mbale wake. Ngati pali chinthu chimene chikukulemerani, pitani kwa abusa panokha mukaulule. Adzakulengezerani chikhululukiro m'dzina la Khristu, ndipo zimene mwanena saloledwa kuuza munthu.

M'nthawi ya Luther Mgonero unkachitika Lamulungu lililonse ndi pa masiku a zikondwerero. Iye anakana kuika lamulo, koma analemba kuti munthu amene safuna sakramentili ngakhale kanayi pa chaka, pali mantha kuti akulinyoza. Kumidzi kumene m'busa mmodzi amayendera mipingo ingapo, anthu amadikira milungu. Tsiku limene wafika, musalole kuti likupiteni.

Kodi alipo amene anataya kanthu chifukwa cha zimenezi, kapena ndi mikangano ya m'mabuku?

Paul Gerhardt, amene tamutchula pa funso la nyimbo zazitali, anali m'busa ku Berlin pamene wolamulira wa Brandenburg, Friedrich Wilhelm, analamula abusa kusaina kuti sadzatsutsanso pa gome chiphunzitso cha mpingo wa wolamulirayo, umene unali wotsata Calvin. Gerhardt anali munthu wofatsa, ndipo m'nyimbo zake simupeza mwano, koma anaona kuti kusaina n'kuswa lumbiro lake la ubusa. Anachotsedwa ntchito mu 1666. Anthu a mumzinda atapempha wolamulirayo, anamubwezera pa ntchito, koma atamva kuti akuyembekezeka kutsata lamulolo ngakhale osasaina, anakana, ndipo anakamalizira moyo wake ku tauni yaing'ono ya Lübben, kumene anamwalira mu 1676.

Mu 1817 mfumu ya Prussia, Friedrich Wilhelm III, inayamba kuphatikiza a Lutheran ndi otsata Calvin kukhala mpingo umodzi, ndipo kenaka inakakamiza buku limodzi la mapemphero limene mawu ake popereka Mgonero aliyense akanatha kuwamva mmene akufunira. Abusa amene anakana ena anamangidwa, ndipo mu 1838 ndi 1839 mabanja ambiri anasiya minda yawo n'kukwera zombo kupita ku Australia ndi ku America.

Tikufuna kupeka nyimbo yatsopano ya Chichewa. Tiyambire pati?

Yambirani pa ndime ya Baibulo imene idzawerengedwe Lamulungu limene mukufuna kuimba, kapena pa mbali imodzi ya katekisimu. Nyimbo za Ubatizo ndi za Mgonero zopekedwa m'Chichewa n'zimene tikuzisowa kwambiri, pamene zonena za ulendo wa kumwamba ndi za adani zachuluka. Lembani mawu kaye, muwayese ndi mafunso a pa yankho la kayesedwe ka nyimbo, muwaonetse abusa. Kenaka muwalankhule mokweza kangapo kuti mumve pamene mawu akukwera ndi kutsika, ndipo maimbidwe atsate pamenepo. Ngati ili ya mtsogoleri ndi oyankha, chiphunzitso chisakhale m'kamwa mwa mtsogoleri yekha. Gawo la mpingo likhalenso ndi dzina la Yesu ndi chimene anachita. Mukamaliza, iphunzitseni ana a Sande sukulu ndi amayi achikulire musanaibweretse m'mapemphero, ndipo pamene iwo akupunthwa mukonzepo.